Gautrain, Metrorail ndi funso loti akulipira ndani

Pali mkangano wina umene sutha pakati pa ife a kumudzi amene tili ku Joni kuno, ukangoyamba basi aliyense amasanduka katswiri wa za njanji olo sanagwirepo ndi sipanala yomwe. Ena amati boma silingayendetse chilichonse, taonani mmene Metrorail, sitima ya boma ija, inaferamo, zinthu izi muziwapatsa a kampani ngati mmene zilili ku Gautrain, sitima imabwera pa nthawi yake, mkati mwaukhondo, palibe wokulanda foni. Ena nkumati iyayi Gautrain ija ndi ya mabwana, munthu wa ma piece job sangaikwere, sitima ikuyenera kukhala ya boma kuti osauka azitha kufika ku ntchito. Ine ndimawamvetsera onsewa ndipo aliyense ali ndi mfundo yake ndithu, koma chimene chimandisowetsa mtendere ndi choti onse amayankhula ngati Gautrain imadziyendetsa yokha ndi ndalama za matikiti, pamene si zoona olo pang'ono.

Tiyambe ndi Gautrain yomweyo. Kwa amene muli ku Malawi simunaione, iyi ndi sitima yothamanga, imafika makilomita 160 pa ola, njanji yake ndi ya makilomita 80 ndipo masiteshoni alipo 10 okha. Imachoka pa Park Station mkatikati mwa Johannesburg, kudutsa Rosebank, Sandton, Marlboro, Midrand, Centurion mpaka Pretoria ndi Hatfield, kenako pali nthambi ina yochoka ku Sandton kupita ku bwalo la ndege la OR Tambo. Chigawo cha ku bwalo la ndegecho anachitsegula mu Juni 2010, kutangotsala masiku ochepa kuti World Cup iyambe, zina zonse zinamalizidwa pofika 2012. Ikukonzedwa anthu ankaitcha Shilowa Express chifukwa amene ankaikankha kwambiri anali Mbhazima Shilowa, nduna yaikulu ya chigawo cha Gauteng nthawi imeneyo, ndipo a COSATU, mgwirizano wa mabungwe a anthu apantchito, anaikana poyera kuti ndalama zochuluka chonchi zikupitiranji ku sitima ya anthu amene ali kale ndi magalimoto.

Nde apa ndi pamene pali nkhani. Boma la Gauteng linasaina mgwirizano mu 2006 ndi kampani yotchedwa Bombela, wa zaka pafupifupi 20 kufika mu Malichi 2026, kuti amange komanso aziyendetsa. Ndalama zomangira zinadutsa R20 biliyoni ndipo zochuluka mwa izo zinachokera ku boma, osati m'thumba mwa kampani ayi. Si zokhazo, mu mgwirizanomo munali chinthu chimene amachitcha patronage guarantee, kutanthauza kuti okwera akachepa ndipo ndalama za matikiti zikapanda kufika pamene anagwirizana, boma limaonjezerapo. Tangoganizani mwini minibasi ya Limbe kupita ku Blantyre atauzidwa kuti mpando uliwonse umene wapita wopanda munthu boma lizilipira, kodi ameneyo angatchedwe wa geni wolimba mtima? Kwa zaka zambiri ndalama yoonjezerayi yakhala ikudutsa R1 biliyoni, ndipo nthawi ya Covid anthu atasiya kukwera inakwera kwambiri. Ndalama imeneyi ndi ya misonkho, ndipo msonkho wa VAT amalipira ndi aliyense, mayi wogwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton akagula sopo pa Shoprite naye waponyamo yake, chonsecho iyeyo kuntchito amapita pa takisi, minibasi za kuno, chifukwa tikiti ya Gautrain sangaikwanitse tsiku ndi tsiku. Kuchoka pa Sandton kupita ku bwalo la ndege kokha ndi kupitirira R200, ulendo wa maminitsi 15.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi siteshoni ya Marlboro. Ili pafupi penipeni ndi Alexandra, komboni yothithikana ija, anthu amaiona sitima ikudutsa pamaso pawo koma ambiri mwa iwo si yawo. Ku Soweto siifika, ku Tembisa siifika, ku Mamelodi siifika.

Koma ndisakhale wabodza, sitima ija imagwira ntchito. Imabwera nthawi imene alemba, alonda ali paliponse, mkati saloleza kudya olo kutafuna chingamu, ndipo izi sizinangochitika mwangozi, ndi chifukwa choti mu kontirakiti analembamo kuti sitima ikachedwa kapena zinthu zikaonongeka kampani idulidwa ndalama. Pali munthu amene thumba lake limapweteka sitima ikaima. Mfundo imeneyi a mbali ya kampani amaigwira bwino ndipo ine sindingawatsutse.

Nanga Metrorail? Abale anga, iyi ndi nkhani yomvetsa chisoni, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi sitima imene ambiri a ife timaidziwa. Njanji zake zambiri zopita kumakomboni zinamangidwa kalekale ndi cholinga chimodzi, kutenga anthu akuda m'makomboni amene boma la tsankho linawaponya kutali ndi tauni, kuwabweretsa ku ntchito mmawa ndi kuwabweza madzulo. Tsankho linatha koma makomboni sanasunthe, munthu wa ku Naledi ku Soweto kapena ku Mabopane akadali kutali ndi ntchito yake mmene analili agogo ake, nde sitima yotchipa kwa iyeyo si nkhani yosankha, ndi imene imapangitsa kuti malipiro atsaleko ogulira ufa. Tikiti ya mwezi wonse ya Metrorail inkatsika mtengo kuposa ndalama imene munthu amatha pa takisi sabata imodzi kapena ziwiri. M'sitimamo munali moyo wakewake, bogi ina ya mapemphero anthu akuimba ndi kuomba m'manja kuyambira Soweto mpaka m'tauni, ogulitsa maswiti ndi mazira owiritsa akudutsa, ana osamva akukwera padenga. Cha m'ma 2009 Metrorail inkanyamula maulendo opitirira 500 miliyoni pa chaka m'dziko lonse. Pofika 2021 anatsika mpaka osakwana 20 miliyoni. Werenganinso manambala amenewo.

Chinachitika nchiyani? Ena amathamangira kunena kuti ndi chifukwa matikiti anali otchipa kwambiri, sitima sinkapanga phindu. Ayi. Ndalama zinkabwera kuchokera ku boma, mabiliyoni, koma zinkathera m'matumba. Bungwe loyendetsa Metrorail ndi PRASA, linakhazikitsidwa mu 2009, ndipo mu 2015 Thuli Madonsela, amene anali Public Protector, wofufuza madandaulo a anthu pa boma, anatulutsa lipoti loonetsa mmene matenda ankaperekedwera mosatsata malamulo nthawi imene mkulu wa PRASA anali Lucky Montana. Chaka chomwecho kunaphulika nkhani ya mainjini a Afro 4000 ochokera ku Spain, tenda ya R3.5 biliyoni kudzera ku kampani ya Swifambo imene inali isanagulitsepo sitima chiyambire, ndipo mainjini atafika kunapezeka kuti ndi aatali kupita m'mwamba kuposa mlingo wa njanji za kuno. Khoti linadzathetsa kontirakitiyo mu 2017. Mainjini amenewo anali a sitima za maulendo aatali koma thumba ndi limodzi lomwelo. Kenako mu 2019 makontirakiti a makampani a alonda anathetsedwa poti nawonso anaperekedwa mwachinyengo, koma sipanaikidwe ena m'malo mwake mwachangu, nde 2020 lockdown itabwera sitima zitaima akuba anapeza mpata, anazula mawaya a magetsi, zingwe za masiginolo, zitseko, mazenera, malata, mpaka masiteshoni ena kutsala zipupa zokha. Ku Cape Town njanji ya Central Line yopita ku Khayelitsha ndi Mitchells Plain inatsekedwa kumapeto kwa 2019 ndipo anthu osowa pokhala anamanga zisakasa pamwamba pa njanji penipeni ku Langa ndi ku Philippi.

Amene anavutika ndi onsewa si mabwana a PRASA. Ndi anthu amene anakakamizika kupita ku takisi, kulipira kangapo kuposa kale pa malipiro omwe aja. Ndikudziwa abale athu angapo amene anachepetsa ndalama yotumiza kumudzi nthawi imeneyo, osati chifukwa ntchito inatha, koma thiransipoti inadya gawo la ana.

Pano zinthu zikubwerera pang'onopang'ono, njanji ya Mabopane kupita ku Pretoria inatsegulidwanso mu 2022, ya Naledi nayo inabwerera, ndipo kuli sitima zatsopano zabuluu zija amati Isitimela Sabantu zimene zikupangidwa ndi kampani ya Gibela ku Dunnottar pafupi ndi Nigel. Ndi zabwino ndithu, zitseko zimatsekeka zokha, sitima siinyamuka chitseko chili chotsegula. Koma zaka zimene zinatayika zija palibe adzabweze.

Nde mukaona ziwirizi, ina ya kampani ina ya boma, zonse zimadya ndalama za misonkho. Kusiyana kwake nkoti ina ili ndi kontirakiti yoluma ndipo imatumikira ochepa amene ali ndi ndalama, inayo imatumikira ochuluka koma panalibe woiyang'anira. Ndi chifukwa chake ndimati funso loti phindu kapena kutumikira anthu, mmene timalifunsira pa mkangano wathu uja, limatisocheretsa.

Pamenepa nthawi zonse pamapezeka wina wowerenga kwambiri amene amati nanga Hong Kong bwanji, kumeneko sitima imapanga phindu. Zoona, MTR, kampani ya sitima ya ku Hong Kong, imapanga phindu lochuluka, inayamba kuyenda mu 1979, mu 2000 masheya ake anayamba kugulitsidwa pa msika, ndipo sitima zake zimafika pa nthawi yake 99.9 peresenti. Koma tiyeni tione bwino mmene phindulo limabwerera. Choyamba boma la Hong Kong lili ndi masheya pafupifupi 75 peresenti mu kampaniyi, nde kunena kuti ndi ya anthu wamba a geni ndi kunamizana. Chachiwiri, ndipo ichi ndi chachikulu, ku Hong Kong malo pafupifupi onse ndi a boma, ndipo akafuna kumanga njanji yatsopano boma limapatsa MTR ufulu womanga pamwamba ndi mozungulira masiteshoni, pa mtengo wa malowo mmene analili sitima isanabwere. Sitima ikafika mtengo wa malo umakwera, MTR imagwirizana ndi makampani omanga, amamanga nyumba zosanja zogona anthu masauzande, maofesi, mamolo ngati Elements ndi Telford Plaza, ndipo phindu la kugulitsa ndi lendi limalowa mu kampani ya sitima. Dera la LOHAS Park lija linamangidwa pamwamba ndi mozungulira malo osungira sitima. Matikiti kumeneko amakwanitsadi kulipira ntchito ya tsiku ndi tsiku poti anthu ndi othithikana modabwitsa ndipo ambiri alibe galimoto, koma kumanga njanji ndi phindu lalikululo zimachokera ku malo. Amenewo ndi thandizo la boma ndithu, kungoti silibwera ngati cheke, limabwera ngati puloti.

Ndipo olo kumeneko anthu amadandaula. Kuyambira 2007 mitengo ya matikiti imasintha potengera fomula yoyang'ana kukwera kwa mitengo ya zinthu ndi malipiro, nde pamakhala zaka zimene kampani yalengeza phindu la mabiliyoni koma tikiti nkukwerabe, anthu nkumafunsa kuti kodi sitimayi ndi yathu kapena ya eni masheya. Okalamba akamakwera motchipa, ndalama yotsalayo imalipira ndi boma osati kampani. Mu 2018 kunatuluka nkhani yoti pa siteshoni ya Hung Hom zitsulo zina zinadulidwa kuti zizioneka ngati zamangidwa bwino, pa ntchito imene MTR inkayang'anira, mpaka akuluakulu ena anachoka pa maudindo. Enanso amati kampani imene phindu lake limadalira kukwera kwa mitengo ya nyumba singafune kuti nyumba zitchipe, mu mzinda umene anthu amagona m'tizipinda tochepetsetsa.

Komabe nzeru ya Hong Kong ndimaisirira, ndipo ndi imene inasowa pa Gautrain. Pitani ku Rosebank kapena ku Sandton muone nyumba zazitali zimene zaphuka mozungulira masiteshoni chiyambire 2010, mahotela, maofesi, mafulati a lendi yoopsa, otsatsa malonda amachita kulemba kuti ndi pafupi ndi Gautrain kuti akweze mtengo. Njanji inamangidwa ndi ndalama za anthu onse, koma kukwera kwa mtengo wa malo kunapita kwa eni malo, sitima nkumapemphabe ku boma chaka chilichonse.

Ku London nako anayesa kuika phindu pakati ndipo zinawawotcha. Mu 2003 ntchito yokonza njanji ndi masiteshoni a sitima ya pansi pa nthaka, imene amaitcha Tube, inaperekedwa kwa makampani awiri, Metronet ndi Tube Lines, pa mgwirizano wa zaka 30. Metronet inagwa mu 2007, ngongole zake zinagwera boma, ndipo pofika 2010 TfL, bungwe la mzinda, inagula Tube Lines nkubweza zonse m'manja mwake. Kenako boma lalikulu linasiya kupereka thandizo la ntchito ya tsiku ndi tsiku mu 2018, TfL nkumadalira matikiti pa ndalama zake zoposa 70 peresenti, ndi chifukwa chake abale athu a ku UK amalira ndi mtengo wa Tube. Covid itabwera anthu atakhala pakhomo ndalama zinauma msanga, boma lomwe lija linkakana linatulutsa mabiliyoni a mapaundi chifukwa London singakhale opanda sitima. Apa ndi pamene pali chinsinsi chimene a kampani amachidziwa bwino, sitima ya mu mzinda boma silingailole kufa, nde zikamayenda bwino phindu ndi lawo, zikavuta ngongole ndi yathu.

Ku Paris anachita zina zimene ine ndimaziona kuti ndi zachilungamo. Kuyambira 1971 olemba anthu ntchito amalipira msonkho wapadera wa thiransipoti potengera malipiro amene amapereka, pano ndi kampani iliyonse ya antchito 11 kupita mtsogolo, komanso bwana amabwezera wantchito theka la mtengo wa tikiti yake ya mwezi. Maganizo ake ndi osavuta, amene amapindula sitima ikabweretsa anthu pa geti 7 koloko mmawa si wantchito yekha, ndi fakitale yomwe. Chosekesa nchoti kampani imene yakhala ikutsogolera kuyendetsa Gautrain tsiku ndi tsiku, RATP Dev, ndi nthambi ya kampani ya boma la France yomwe imayendetsa metro ya ku Paris. Nde amene amati boma silingayendetse sitima akukwera sitima yoyendetsedwa ndi boma la eni ake.

Kwathu tilibe metro ndipo sindikuyembekezera kuiona posachedwa, koma nkhaniyi si yachilendo kwa ife. Njanji ya Malawi inaperekedwa kwa kampani ya CEAR mu 1999, ndipo aliyense akudziwa kuti ndalama zili pa katundu, makamaka malasha ochokera ku Moatize kupita ku Nacala, sitima ya anthu yopita ku Balaka ndi Nayuchi imangoyenda mwa apo ndi apo. Sindikuwada, kampani imatsata pamene pali ndalama, imeneyo ndi ntchito yake. Mabasi a m'tauni nawonso, amene munakula nthawi ya UTM ndi Stagecoach mukukumbukira kuti ku Blantyre kunali basi yoyendera nthawi, pano tinatsala ndi minibasi imene siinyamuka isanadzadze ndipo mvula ikagwa mtengo umakwera pompo.

Ine mbali yanga ndi iyi, ndipo ndikudziwa kuti ena mu gulu lathu adzandinena kuti ndayamba ndale. Sitima ya mu mzinda isamayezedwe ndi phindu la matikiti, chimodzimodzi msewu wa M1 palibe amaufunsa kuti chaka chino wapanga zingati. Iziyezedwa ndi anthu angati afika ku ntchito pa nthawi, pa mtengo umene woyeretsa m'maofesi angakwanitse. Koma kunena kuti ndi ya anthu sikutanthauza kuti tiisiye m'manja mwa anzake a nduna opanda wowafunsa, PRASA yatiphunzitsa zimenezo mowawa. Kampani ikhoza kulembedwa ganyu yoyendetsa, ilipidwe pa sitima iliyonse imene yayenda pa nthawi yake, idulidwe ikalephera, koma mtengo wa tikiti ndi kumene njanji ipite azisankha ndi mzinda, ndipo ndalama yotsalayo ichokere kwa amene akudyerera, eni malo a pafupi ndi siteshoni ndi olemba ntchito, osati kwa mayi wa sopo uja yekha.

Mu 2025 a Gautrain anayambitsa KlevaMova, kuchotsera theka la mtengo kwa anthu opeza zochepa, ana a sukulu ndi okalamba, chimene kwa ine ndi kuvomera kuti mipando yakhala ikuyenda yopanda anthu pamene anthu ali pamzere wa takisi panja. Akukambanso zokulitsa njanji kuti ifike ku Soweto, Randburg ndi Cosmo City. Zikadzatheka, ine chimene ndidzafune kudziwa si liwiro lake kapena kukongola kwa siteshoni, koma ngati tikiti imodzi idzagwire pa Gautrain, pa Metrorail ndi pa basi ya Rea Vaya, poti pakadali pano pa Park Station pomwepo sitima ziwirizi zili moyandikana koma iliyonse ili ndi geti lake, khadi lake ndi mtengo wake, olo njanji zake ndi zosiyana kukula moti sitima ya uku singayende uko.